Ndalama ya Mchombo

Ndinachoka kwathu mlongo wanga Dolika ali ndi pakati, mimba itangoyamba kuoneka. Chaka chake musandifunse. Ndimangokumbukira kuti mango anali asanapse, ndipo Dolika anandiperekeza mpaka pamlatho wa mitengo, dzanja lili m'chiuno, n'kundiuza kuti ndibwere mwana asanabadwe. Ndinaseka. Ndinati ulendo wake ndi wopita lero, kubwera mkuja.

M'thumba la malaya ndinali ndi ndalama ya mchombo. Kubanja kwathu mwana akatuluka m'chikuta, malume ake amabwera ndi ndalama imeneyi, n'kuiika pamchombo wa khandalo, n'kuimanga ndi kansalu kuti mchombo usadzatuluke ngati chala. Imakhala pamenepo mpaka mwezi uonekenso. Wina sangamange, ngakhale bambo ake a mwana. Ine ndi Dolika anatimanga ndi malume athu, ndipo atamwalira ndalamayo inagwera m'manja mwanga, poti mlongo wake wamwamuna wa Dolika ndinali ine ndekha.

Sinali ndalama yogulira mchere. Inali yasiliva, yolemera bwino m'dzanja, ndipo inachokera ku Amereka. Malume a amayi anga anaipata padoko lina lakutali kumene ankasenza matumba a shuga. Amati mmalinyero wina wa kumeneko anatsamwa ndi munga wa nsomba, iwo n'kumumenya nkhonya pamsana mungawo n'kutuluka, ndiye ndalamayo inali zikomo wake. Mbali imodzi panali mayi akuyenda. Dzanja lina analitambasula kutsogolo, lina ananyamula nthambi za mitengo, ndipo kumbuyo kwake nsalu ya nyenyezi inkauluka ndi mphepo. Kumapazi kwake dzuwa linali litangosuzumira paphiri. Mbali inayo panali chiwombankhanga chitatera pathanthwe, mapiko chitafunyulula, kamtengo katamera mumng'alu wa thanthwelo. Lamulo lake tonse tinkalidziwa: mayi kumimba, mbalame kunja.

Vuto linali loti mayiyo ankafufutika. Mimba za ana ambiri zinali zitamukhula, moti nkhope inangotsala ngati nyemba yosenda, yopanda diso, yopanda mphuno. Ine ndinabadwa ndi matenda odana ndi chinthu chosalongosoka. Ndimatha kuphwasula nkhokwe yonse chifukwa cha mzati umodzi wopendekera. Ndiye mwana woyamba wa mlongo wanga ndimumange mayi wopanda nkhope?

"Achimwene," anatero Dolika pamlatho paja, "kodi mwanayo nkhopeyo aziiona ndi chiyani, ndi mchombo?"

"Iwe sudziwa zinthu. Kutauni kuli amisiri, aibwezeretsa."

"Chabwino. Koma mwana ameneyu akufuna malume ake. Mubwere."

Tauni yoyamba inali yafumbi, ndipo phokoso la nyundo linandilandira ndisanaone nyumba. Pansi pa mtengo wa kesha panali a Chimpeni, okhoma ndowa ndi mbaula, munthu wamfupi wogontha khutu limodzi. Anaitenga ndalama ija, osaiyang'ana n'komwe, n'kuigwetsa pamwala. Inalira nthawi yaitali.

"Mwaimva? Iyi ikuimba. Malata anga amangokhosomola." Anayendetsa chikhadabo m'mphepete mwake, momwe munali timizere tating'ono kuzungulira. "Timanoti anaikira akuba. Kale anthu ankapala siliva m'mphepete ndi mpeni, ndiye timano tikasowa mumadziwa kuti ndalamayi yadyedwa. Koma nkhope, achimwene, nyundo yanga siitha. Mukafuna ndikukhomereni mphete."

Ndinakana mphete. Iwo anati dzanja losadziwa nyundo silingadziwe chomwe likupempha, ndiye ndikhale kaye ndiphunzire. Ndinati masiku owerengeka sangaphe munthu. Ndinaphunzira kudula lata, kupinda mlomo wa ndowa pachitsulo cha njanji, kutseka chibowo ndi mtovu. Ndowa zanga zoyamba zinkadontha moti a Chimpeni ankazigulitsa kwa olima masamba kuti azithirira mbewu.

Tsiku lina ndikutunga madzi pamjigo, mayi wina wobereka khanda anandigwadira.

"Bambo, ndamva muli ndi ndalama ya mchombo. Mwanayu malume ake anatsikira kulichete."

Amene anamuuza sindikumudziwa. Ndinafuna kukana, koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinamanga, mayi kumimba, mbalame kunja, n'kudikira mwezi. Tsiku lomasula ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo, poti kwathu ndinali ndisanamangepo mwana. Pakhungu la khandalo panatsala chithunzi cha mayi uja, akuyenda pakamimbako ndi nthambi zake. Tinamuyang'ana mpaka khungu linafufumanso, iye n'kuzimirira. Nditabweza maso pandalama ndinapeza zala za dzanja lotambasula lija palibe.

Ndinatsanzika a Chimpeni n'kufunsa njira ya kwathu. Anthu anandilozera msewu wodutsa kuseri kwa phiri. Ndinautsata mokhulupirika, ndipo unandifikitsa m'tauni ina.

Iyi inali ya makonde aatali ndi masitolo onunkhira sopo ndi zofukiza. Ndinati poti ndafika kale, ndifunseko kamodzi. Anandilozera kachipinda kumapeto kwa khonde, kwa a Harilali, mmwenye wokalamba wosula ndolo ndi zibangili, amene Chichewa chake chinali chokoma kuposa cha ena obadwira kuno. Anavala kagalasi ka diso limodzi n'kuiyang'ana ndalama ija ngati akuona m'bale wake.

"Mayi uyu ndikumudziwa. Khalani pansi, mwana wanga, mupope mvukuto, ndikuuzeni."

Ndinapopa mvukuto nyengo zingapo za mvula. Ndinaphunzira kusungunula siliva m'kambiya, kumukoka kuti akhale waya, kuyesa golide pomukhula pamwala wakuda. Dzuwa likapendeka a Harilali ankatsegula kachitini ka fodya momwe ankasunga ndalama zakale za ku Amereka, n'kuzindandalika pathebulo.

"Mayiyu si munthu anabadwa ayi. Kwawoko amati ndi ufulu, anangouveka thupi la mzimayi. Taonani apa, poyamba anali mutu wokha, tsitsi lili balala. Kenaka anamukhazika pamwala, chishango pambali, ndipo anakhala pamenepo zaka zambirimbiri mpaka anthu anatopa naye. Apa waimirira. Apa, pa yanuyi, wayamba kuyenda."

"Nanga kenaka anafika?"

"Anamuchotsa ali m'njira. Anaikapo mitu ya akuluakulu omwalira."

Zinandimvetsa chisoni kuposa mmene ndinkayembekezera. Munthu kukhala pamwala moyo wonse, tsiku lomwe wanyamuka n'kumuuza kuti basi.

Anandionetsanso yagolide yaing'ono, ya mwamuna wovala nthenga kumutu. Chithunzi chake sichinatukuke pamwamba ngati zinazo, anachita kuchikumba chololera m'kati. Anati anthu a kumeneko anaida, ankati m'timaenjemo mubisala litsiro ndi matenda. Anatinso kunabwera chaka cha mavuto pamene boma lawo linaitanitsa ndalama zagolide, n'kuzisungunula kukhala njerwa. Azimayi, ziwombankhanga, nyenyezi, zonse mumphika umodzi. Zotsala ndi zomwe zinathawira kunja m'matumba a anthu oyenda.

"Tsono nkhope yangayi muibwezeretsa liti?" ndinafunsa tsiku lina.

"Chithunzichi anachidinda kamodzi, ndi chitsulo cholemera kuposa nyumba ino. Siliva amene wachoka wapita. Ndikathirapo wina chikhala chotupa, osati nkhope." Anafufuza m'kachitini n'kutulutsa ina yofanana ndi yanga, yonyezimira, yosagwiridwapo. "Tengani iyi, mundisiyire yanuyo. Mupite kwanu."

Ndinabwereka kagalasi kaja. Nkhope inalipo, yonse, ndi kachipewa kumutu. Anali mlendo wamphuno yaitali, woyang'ana kutali, wosadziwa za ine kapena za Dolika. Ndalamayo inali yozizira, ndipo mizere yake inali yakuthwa moti ikanakanda mwana. Ndinaibweza. A Harilali anapukusa mutu n'kunena kuti anaonapo anthu ovuta, koma ine ndinali mfumu yawo.

Kuchigayo cha m'tauni imeneyo mayi wina anandigwira mkono wa malaya.

"Bambo, ndamva muli ndi ndalama ya mchombo. Anawa malume awo ali ku Joni, sayankha."

Anali mapasa. Ndinamanga woyamba n'kudikira mwezi, ndinamanga wachiwiri n'kudikiranso. Pamimba ya woyamba mayi uja anayenda ndi nthambi zake. Pamimba ya wachiwiri anayenda chimanjamanja. Nditabwerera kukhonde kuja ndinapeza kachipinda ka a Harilali muli matumba a feteleza, ndipo mnyamata wogulitsa anati mmwenyeyo anapita kutsidya kwa nyanja kalekale, iye asanayambe sukulu.

Kuchokera apo malo amandisokonekera. Ndinakhalako pamudzi wa oumba njerwa, pasiteshoni pomwe sitima inasiya kuima, pamsika wina wa m'malire pomwe ndinkakhoma mbaula. Kulikonse ndinkafunsa za mmisiri wa nkhope, ndipo kulikonse ndinkafunsa njira ya kwathu. Anthu ankaloza mwaulemu. Misewu yake inkayamba bwino, kenaka n'kukhota pang'ono, n'kukhotanso, madzulo n'kupezeka ndili pamalo ena pomwe pali mjigo ndi mayi wobereka khanda. Za Dolika sindinaiwale ngakhale tsiku limodzi. M'maganizo mwanga anali adakaima pamlatho paja, dzanja m'chiuno, mimba yosakula, mango osapsa. Ndinkadziuza kuti nthawi idakalipo. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma mwambi umakoma ukamanena mnzako.

Malo amodzi okha ndi amene sasokonekera. Unali mudzi wa m'dambo, wa udzudzu wambiri. Kumeneko ndinamanga kamwana kakakazi, ndipo mwezi usanaoneke kanatentha thupi n'kutisiya. Amayi ake anamasula okha kansalu kaja, anatsuka ndalamayo, n'kubwera nayo kwa ine ndi manja awiri. Anandilola kukaona kamtemboko. Mayi wa pandalama uja anali pamenepo pakhungu, wopanda nkhope, wopanda manja, ndipo ulendo uno sanazimirire. Kamwanako kanapita naye kumanda. Tsiku limenelo ndinachita mantha enieni, poti ndinazindikira kuti mwana sadikira munthu.

Komabe ndinaima malo ena amodzi. Pakhonde la positi ya tauni ina yamphepo panali mayi Nankhoma, osema zidindo za masukulu ndi mipingo. Anali ndi kathebulo, kampeni kopangidwa ndi sipoko ya njinga, ndi zidutswa za mphira. Sankakonda kuyankhula. Anaiyang'ana ndalama yanga, yomwe tsopano inkaoneka ngati munthu ali m'nkhungu, n'kunena kuti pasiliva sangakhudze, koma ngati mayiyo ndikumukumbukira, ndimuseme ndekha pamphira kuti asatayike.

Ndinayamba ndi zilembo. Anandiphunzitsa kuti pachidindo chilichonse chimasemedwa chotembenuza, chakumanja kumanzere, kuti chikadindidwa chituluke cholunjika. Ndinasema mayina a masukulu ambiri mpaka ndinayamba kulota chotembenuza. Kenaka tsiku lina ndinatenga mphira wabwino n'kuyamba mayi wanga. Ndinabweza zala zomwe zinatsala kutauni yafumbi. Ndinabweza nthambi zomwe zinatsala kwa mapasa, nyenyezi, nsapato, mikwingwirima ya nsalu. Nkhope ndinaisiyira kumapeto, ndipo dzanja linaisema lokha, ine ndikungoonerera.

Ndinapaka inki n'kudinda papepala. Mayi Nankhoma anasuzumira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akuseka.

"Mwaiwala kutembenuza, bambo. Mwasema mmene mumamuonera."

Zinali zoona. Pandalama mayiyo amayenda cha kumanzere. Papepala anali atatembenuka, akubwerera kumene anachokera, ndipo dzuwa lija linali mbali inayo, ngati la madzulo.

"Nanga nkhopeyi ndi ya ndani?" anafunsa. "Mzungu uyu ayi. Taonani masayawa."

Anali Dolika. Mphumi yake, kamwa lake lokhotera mbali imodzi akamafuna kundinena. Dzanja lotambasula lija silinkalozanso kutsogolo, linkaoneka ngati la munthu amene akuti bwera nacho kuno.

"Ndi mlongo wanga. Ali ndi pakati, akundidikira."

Mayi Nankhoma anandiyang'ana kumutu nthawi yaitali. "Pakati pa mlongo wa munthu wa imvi chonchi? Nyamukani, bambo. Chidindocho musiye, ndikhomerera mwendo wa thebulo."

Potuluka m'tauniyo, pamjigo, mayi wina anandiimitsa.

"Bambo, ndamva muli ndi ndalama ya mchombo."

"Pepani mayi, ili ndi mwini wake. Ndachedwa nayo."

Sanakwiye. Anangokonza mwana kumsana n'kundilozera kanjira kodutsa m'munda wa chinangwa. Sikanakhote. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali pamlatho uja, koma unali wa simenti.

Mango anali atapsa, ena akuolera pansi. Pakhonde la nyumba ya malata yomwe sindinkaidziwa panakhala mayi wokalamba akusenda mtedza, ndipo pambali pake pamphasa panali mayi wina wamkulu ndithu akuyamwitsa khanda la masiku ochepa. Nditaona khandalo ndinafulumiza mapazi. Ndinati Mulungu ndi wabwino, ndafika pa nthawi yake.

"Odi kuno."

Wokalambayo anakweza mutu, kamwa n'kukhotera mbali imodzi.

"Mkuja uja ndi lero, achimwene?"

Anandipatsa mpando ndi madzi. Sanalire, sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa ndodo. Ndinatulutsa ndalama ija msangamsanga n'kuloza khandalo.

"Ndabwera nayo. Nkhope yakanika, koma ndabwera nayo. Ndipatse mwanayo ndimange."

"Mwana wake uti?" anatero Dolika. "Amene munamusiya m'mimba ndi uyu akuyamwitsayu. Dzina lake Lekeleni. Wam'manjayo ndi wake wachitsiriza, wabwera mochedwa, tonse tinadabwa naye."

Lekeleni anandipatsa moni wa mlendo, maso pansi. Chomwe chinatuluka m'kamwa mwanga chinali chopusa, koma ndi chomwe ndinasenza zaka zonsezo.

"Nanga mchombo wake unatani?"

"Unalowa wokha," anatero Dolika, akupitiriza kusenda. "Michombo yambiri imalowa yokha, achimwene. Anamwino amatiuza kusikelo, koma amayi ankadziwa kale, agogonso ankadziwa. Inu mumayesa siliva ndi mankhwala? Amuna a mtundu wathu ndi oyendayenda. Ndalamayo anaiikira lamulo kuti malume abwere, akhale pansi mwezi wathunthu, anyamule mwana wa mlongo wake mpaka amuzolowere fungo. Ikanakhala chitsekerero cha botolo ntchito yake ikanakhala yomweyo."

Ndinaganiza za ana onse aja, a pamjigo, a kuchigayo, kamwana ka m'dambo. Aliyense ndinamunyamula mwezi wathunthu, kupatula kamene kanatisiya kaja. Fungo lawo ndinkalikumbukira.

"Ndiye ndimange uyu," ndinatero. "Mwezi ndikhala. Ndikhala mpaka kufa."

"Kukhala mukhala, pano ndi panu. Koma kumanga si inu. Malume ake a mwanayu alipo." Anatembenukira kuseri kwa nyumba. "Yotamu, tabwera udzaone amalume ako."

Kunatuluka bambo wamtali wandevu, manja ali ndi matope a njerwa. Anali mwana wachiwiri wa Dolika, amene ngakhale za kubadwa kwake sindinazimve. Anasamba m'manja, anagwada, ndipo ndinamuika ndalama ija m'dzanja. Thumba langa la malaya linapepuka moti ndinaligwira kuti ndione ngati labooka.

Yotamu anaitembenuza uku ndi uku. "Amalume, amayi amati mayi kumimba, mbalame kunja. Koma apa ndikuona posalala ponseponse. Mayiyo ali mbali iti?"

Ndinaitenga n'kuipendeketsa padzuwa. Chiwombankhanga chinali chitauluka ndi thanthwe lake lomwe. Mbali inayo munalibe mutu, munalibe nsalu, munalibe phazi. Koma m'munsi, cha kumanzere, chala changa chinamva timizere tochepa totuluka pakaphiri.

"Mbali ya dzuwayi," ndinatero. "Mayiyo anafika."

Ndinamuonetsa mapindidwe a kansalu, ndi pomangira mfundo kuti isatsamire msana wa mwana. Zala zake zinali zazikulu, zamantha, ndipo khandalo linalira pang'ono n'kutonthola. Analinyamula n'kuyamba kuzungulira nalo pabwalo, akuling'ung'udzira kanyimbo. Dolika anatenga lichero lake n'kulowa m'nyumba.

Pakhonde tinatsala awiri. Lekeleni anakonza nsalu yake pachifuwa, manja ali opanda kanthu tsopano. Anandiyang'ana koyamba m'maso. Kenaka anasendeza mphasa yake mpaka pamapazi anga.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "ine simunandinyamulepo."

Anatsamiritsa mutu wake pamaondo anga. Ndinaikapo dzanja, mosamala, mmene ndinkagwirira ana a eni. M'tsitsi lake munali mutayamba kale imvi.